A Avelino ndi Dinadina ya pa Chiponde

A Avelino anafika pa Chiponde mu 1987 ali ndi zaka khumi ndi zinayi, akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki pamodzi ndi mayi awo. Bambo awo anatsalira m'mudzi wina kuseri kwa Mandimba, amvekere ndikupezani ndikakolola mapira, koma sanawaonenso. Nkhondo itatha, malole atabwera kudzatenga anthu obwerera kwawo, mayi aja anali atagona kale m'manda a kuno. A Avelino sanaone chobwererera. Anakwatira Matilda, mwana wa akatekisiti a ku Namwera, ndipo anamanga nyumba ya njerwa zowotcha kumapeto kwa msika, mbali yomwe amapherako mbuzi.

Ntchito yawo inali ya kabaza. Kuchoka pa chipata cha malire cha Chiponde kukafika pa cha Mandimba ku Mozambiki pali kamtunda ndithu, ndipo munthu wa katundu sangakayende wapansi. Kwa zaka zoposa makumi awiri iwo ankapalasa mtunda umenewo kangapo pa tsiku, atamangirira matumba a shuga, zigubu za mafuta ophikira, mabelo a kaunjika, nthawi zina mayi wa geni atakhala pamwamba pa zonsezo. Ankayankhula Chiyao, Chichewa ndi Chipwitikizi, choncho pakabuka kusamvana pakati pa ageni ndi osintha ndalama, woitanidwa ankakhala iwo. Sanalemere, koma anali ndi dzina. Mayi ankatha kuwapatsira katundu ndi ndalama zake zomwe, iye n'kutsalira kudinditsa chiphaso, ndipo akafika tsidya linalo ankapeza zonse zili momwemo. Wachilendo akafunsa wa kabaza wodalirika, anthu ankangoloza kwa a Avelino.

Kenako kunabwera njinga zamoto. Poyamba zinali ziwiri zitatu, koma posakhalitsa zinadzaza pa siteji, ndipo anthu anayamba kuona njinga yakapalasa ngati yochedwetsa. Nthawi yomweyo bondo lawo lamanja linayamba kutupa. Mwa amene anagula yamoto munali Bashiru, wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi. Bashiru anaphunzira kabaza m'manja mwa a Avelino. Ndiwo anamubwereka pampu ndi zingwe tsiku lake loyamba, ndiwonso anamuonetsa kamangidwe ka katundu kuti asapendekeke. Iye anali Msilamu, iwo Mkatolika, koma ankaitanana achimwene, ndipo pa Idi mbale ya mpunga sinkalephera kufika kwa Matilda kuchokera kwa Sakina, mkazi wa Bashiru. Atagula yamoto, Bashiru sanawataye. Akapeza kasitomala wa mazira kapena wa mbale zosweka, katundu woopa liwiro, ankamulozera kwa a Avelino. Ya sopo ndi mchere inkapezeka choncho.

Foni yamakono anawagulira ndi mwana wawo Lusia, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Limbe. Ankafuna kuti azitha kumuona mdzukulu wawo pa vidiyo. Chaka chotsatira, mu 2022, nambala ina yosadziwika inawalowetsa m'gulu la pa watsapu. Pa chithunzi panali mayi wovala suti, amene ankadzitcha mlangizi. Ankalemba kuti makampani akunja akufuna anthu oonera malonda awo, ndipo amalipira tsiku lililonse. Ntchito yake inali yoti munthu atsegule apu, aonere kavidiyo ka malonda, adine batani, basi. Dzina la kampaniyo linali lachingerezi, lalitali, ndipo pa Chiponde panalibe wolitchula. Anthu ankangoti Dinadina.

Masiku atatu oyamba anali aulere. A Avelino anadina mongoyesa, atakhala pansi pa mtengo wa mango podikira kasitomala. Tsiku lachitatu foni inalira, ndalama zalowa. Anapita kwa ejenti akuyembekeza kusekedwa, koma ejenti anatsegula kabati n'kuwapatsa ndalama zenizeni. Zinali zochepa, zongokwana mankhwala opaka pa bondo ndi paketi ya shuga. Koma tsiku limenelo anali asanapalase ngakhale ulendo umodzi, ndipo bondo silinawawe. Kwa munthu amene wapalasa chiyambire unyamata wake, chimenecho sichinali chaching'ono.

Mlangizi uja anafotokoza kuti wofuna kupitiriza agule levulo. Levulo yotsika inali ya malipiro otsika, yokwera ya malipiro okwera. Aliyense ankapatsidwanso nambala yakeyake, ndipo wina akalowa kudzera pa nambala imeneyo, mwini nambala ankalandira kangachepe. A Avelino anagulitsa nandolo wa chaka chimenecho n'kugula levulo yachiwiri. Ndalama zinapitiriza kulowa.

Sanayende khomo ndi khomo kukopa anthu. Mpaka lero amanena zimenezo, ngakhale amadziwa kuti sizichepetsa kanthu. Anthu ankabwera okha. Ankaona munthu wamkulu wakhala phee pamthunzi, njinga yatsamira mtengo, koma poweruka akudutsa ndi kanyama m'pepala. Akawafunsa, iwo ankangoonetsa foni. Anzawo a kabaza analowa, amayi a kwaya ya kutchalitchi analowa, Jeremiya wometa tsitsi analowanso. Onse pamodzi anakwana makumi awiri ndi atatu, ndipo ambiri mwa iwo sanafunse n'komwe kuti kampaniyo ili kuti. Kunali kokwanira kuti a Avelino alimo.

Bashiru ndiye anazengereza. Anakafunsa kwa shehe wa pa mzikiti wawo, ndipo shehe anamuuza kuti ngakhale eni akewo akuti si katapira, iye ndalama yobwera popanda ntchito yooneka amaiopa. Kwa milungu iwiri Bashiru sanalowe. Koma mafuta anali atakwera mtengo, ndiponso ankasowa, moti masiku ena yamoto inkangoswera pakhonde. Tsiku lina masana anaima pa mtengo wa mango paja, nazimitsa injini.

"Achimwene, ndiuzeni inuyo. Ndalamazi mwazigwira ndi manja anu?"

"Ndazigwira," anatero a Avelino. "Sabata iliyonse."

Sananame, ndipo chimawapweteka n'chomwecho. Bashiru anagulitsa njinga yamoto kwa munthu wa ku Mandimba n'kugula levulo yapamwamba kwambiri. Malinga ndi zomwe mlangizi analemba, pakutha pa miyezi itatu akanagula ziwiri.

Panangotha milungu isanu. Choyamba mlangizi analengeza kuti kutapa ndalama kuzichitika Lachisanu lokha. Lachisanu litafika anati makina akukonzedwa. Kenako anati pabwera msonkho, aliyense atumize kenakake kuti ndalama zake zimasuke, ndipo ambiri anatumiza, a Avelino omwe, atagulitsa mbuzi ziwiri za Matilda. Pa foni manambala ankangokwera, okongola, obiriwira. Lolemba lina m'mawa apu inakana kutseguka. M'gulu la pa watsapu anali atatseka kuti wina asalembemo, ndipo pofika masana chithunzi cha mayi wa suti chinali chitachoka.

Anthu anabwera kunyumba kwawo tsiku lomwelo. Panalibe wowamenya kapena kuwatukwana. Anangokhala pakhonde ndi pa mulu wa njerwa zotsala, mafoni ali m'manja, kudikira kuti a Avelino anene kanthu. Iwo anaimba nambala ya mlangizi kambirimbiri anthu akumvetsera, yankho n'kumangokhala lomwelo, loti nambalayi sikupezeka. Mayi wina wa kwaya anafunsa ngati ofesi yake akuidziwa, kuti apiteko onse. M'pamene anazindikira kuti ofesi sakuidziwa, dzina lenileni la mlangizi sakulidziwa, ngakhale mawu ake sanawamvepo. Anakadandaula kupolisi, ndipo patapita nthawi anauzidwa kuti nambala zomwe zinkalandira ndalama zinalembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, okalamba a kutali, amene sankadziwa n'komwe kuti ali ndi nambala zoterozo.

Bashiru sanabwere pakhonde paja. Anayesa kubwerera ku kabaza ndi njinga yakapalasa yobwereka, koma patatha miyezi iwiri anakwera lole ya ku Joni osatsanzika. Sakina anatsala ndi ana atatu, nayamba kukazinga zitumbuwa pafupi ndi siteji. Akawaona a Avelino akubwera, ankawerama n'kumasonkhezera moto mpaka adutse. Matilda sanakalipe za mbuzi zake. Anangosiya kupita ku kwaya, poti theka la amayi a kumeneko anali a m'gulu lija.

A Avelino anabwerera ku kupalasa, koma amayi a geni anasiya kuwapatsira ndalama. Katundu ankawapatsa, ndalama n'kumanga pa chitenje. Panalibe amene ananena kuti ndi akuba. Kungoti anthu anali atasiya kutenga mawu awo momwe ankawatengera kale, ndipo iwo ankaziona.

Foni sanaitaye. Lusia atabwera pa Khirisimasi, anamukhazika pansi kuti awawerengere mauthenga onse a mlangizi kuyambira woyamba, achingerezi omwe, osadumpha. Zinatenga masiku awiri. Ankafuna kuona pamene anapunthwa, ndipo anapeza kuti sipanali pamodzi. Tindalama toyamba tija tinali nyambo. Zomwe ankalandira sabata ndi sabata zinali za anthu amene iwo eni anawalowetsa: shuga amene ankamwera tiyi anali wa Jeremiya, wa amayi a kwaya, wa Bashiru. Anaona kuti dzina la wolandira ndalama linkasintha pafupipafupi, lero la mwamuna, mawa la mkazi. Uthenga uliwonse unali wofulumizitsa, malo atsala asanu, mwayi ukutha mawa. Ndipo aliyense amene anafunsapo funso lovuta m'gulu muja ankachotsedwa tsiku lomwelo, iwo n'kumayesa watuluka yekha.

Zitatero anthu anayamba kuwabweretsera mafoni. Ena ankachita mwachipongwe, amvekere tiyeni tikafunse kwa katswiri. Ena ankabwera mobisa. Zatsopano zinkatuluka mwezi uliwonse: ina yoweta nkhuku za pa foni zoikira ndalama, ina yogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, ina ya ntchito ya m'hotela kunja kwa dziko yofuna ndalama ya fomu, ina yoti wapambana mphoto pa mpikisano womwe sunalowe. A Avelino sankadziwa zambiri za intaneti, ndipo sankanamizira. Ankangofunsa. Ofesi yawo ili pati, poti munthu n'kukakhala pa benchi? Akugulitsa chiyani, ndipo wogula ndani? Ndi bwana uti amene amayamba walipiritsa wantchito asanamulembe? Nanga changu n'chachiyani? Munthu akakanika kuyankha, iwo ankamubwezera foni yake osawonjezera mawu.

Ntchito imeneyi inali yotopetsa kuposa kupalasa. Mwa anthu khumi, mwina atatu ankamva. Enawo ankati mkuluyu anapsa, ndiye sakufuna anzake adye. Ena ankamvetsera akugwedeza mutu, kenako n'kuwoloka msewu kupita kwa ejenti iwo akuona. Patapita miyezi ankakumana nawo pamsika, aliyense n'kuyang'ana kumbali. Ngakhale omvawo sankabwerera kudzanena. Ibrahimu wosintha ndalama, amene anatsala pang'ono kuthira mpamba wake wonse ku nkhuku za pa foni zija, zitagwa ankauza anthu pa chipata kuti iye anaziona kale yekha, munthu wa ndalama sangapusitsidwe ndi zibwana zotere. A Avelino anamva ali pomwepo akumanga katundu, ndipo sanamutsutse.

Mu Ogasiti wa 2024, Lachitatu lina m'mawa, a Avelino akupuntha nandolo pabwalo, anamva odi. Anali Sakina. Panali patatha pafupifupi zaka ziwiri asanaponde pakhomopo. Matilda anamuyalira mkeka. Iye anakhala chakumapeto, nakonza mpango wake kumutu, napereka moni wonse mwadongosolo ngati kwa anthu achilendo. Kenako anatulutsa foni. Inali ndi nambala yakale ya Bashiru, imene anamusiyira popita.

Anafotokoza kuti Lolemba anamuimbira bambo wina wa mawu aulemu, amene anati ali ku ofesi ina ku Lilongwe yothandiza anthu oberedwa pa intaneti. Akuba a Dinadina agwidwa, anatero bamboyo, ndalama alandidwa, ndipo tsopano zikubwezedwa kwa eni ake. Anatchula dzina lonse la Bashiru, tsiku limene analowa, levulo imene anagula, ndi ndalama zake ndendende. Chofunika chinali chakuti Sakina atumize ndalama yotsegulira fayilo lisanakwane Lachisanu masana, ndiponso kuti munthu amene anamulowetsa Bashiru achitire umboni. Pa foni ya munthuyo pabwera manambala asanu ndi limodzi, iye awawerengere bamboyo, nkhani yatha. Ndalama ya fayilo Sakina anali atakongola kale ku banki mkhonde. Otsala anali a Avelino.

A Avelino anaika ndodo pansi. Chimene chinayamba kubwera mumtima mwawo sichinali kukayika ayi, chinali chimwemwe. M'maganizo mwawo anamuona Bashiru akutsika basi, anaona mbuzi m'khola la Matilda, anaona anthu onse aja akuwapatsanso moni wa pamaso. Anafunitsitsa kuti zikhale zoona. Kufunitsitsako n'kumene kunawadzidzimutsa, chifukwa anakuzindikira. Anamva chimodzimodzi tsiku lija ejenti anawapatsa ndalama zoyamba.

Anamufunsa Sakina kuti, kupatula Bashiru ndi iwo, ndani wina ankadziwa tsikulo ndi ndalamazo. Iye anati a ku ofesi. Iwo anati mwina, koma amene analemba zonsezo poyamba ndi eni Dinadina, ndipo mndandanda wa anthu oberedwa ali nawo ndi iwowo. Anati manambala obwera pa foni aja ali ngati kiyi wa pakhomo. Ukawerengera munthu, wamupatsa watsapu yako kapena ndalama zako za pa foni, ndipo mawa lake ayamba kupempha anthu ndalama m'dzina lako. Anati sapereka.

Sakina anawayang'ana m'maso, koyamba chifikire.

"Alamu, tsiku lija Che Bashiru atakufunsani munati inde. Njinga inapita. Lero ndikupempha kuti munenenso inde kamodzi kokha kuti njinga ibwerere, mukuti ayi. Ndiye kuti inu ndinu amene mumadziwa pokana ndi povomera kuposa ife tonse?"

"Sindidziwa kuposa inu, alamu," anatero a Avelino. "Tsiku lija ndinalakwa. Koma ndikati inde lero, ndikhala ndakuberetsani kawiri."

Anapempha kuti amuimbire bamboyo onse akumva. Sakina anaimba, nakweza mawu a foni. Bamboyo anayankha msanga, moni wake wofewa, wa Chichewa cha m'tauni. A Avelino anadzitchula, nafunsa ngati n'kotheka kuti ndalama ya fayilo aidule pa ndalama zomwe akusungazo, zotsalazo atumize. Bamboyo anaseka pang'ono n'kunena kuti malamulo salola. Iwo anafunsanso kuti ofesiyo ili mbali iti ya Lilongwe, chipinda chanji, kuti abwere okha ndi ziphaso. Bamboyo anati pakadali pano sakulandira anthu, zonse n'za pa foni. Kenako mawu ake anasintha. Anasiya kuyankha a Avelino n'kuyamba kuitana Sakina, amvekere mayi, samalani ndi bambo ameneyo, anthu otere ndi amene anadya nawo ndalama zanu, n'chifukwa chake akuopa umboni, mukachedwa fayilo yanu itsekedwa.

Foni inadulidwa. A Avelino anaona kuti mawu omalizawo amulowa Sakina, ndipo analibe powakanira, poti mbali ina anali oona: anadyadi nawo. Matilda, amene nthawi yonseyi ankapeta nandolo, ndiye ananena kuti m'malo mokangana, bwanji atsikire ku boma akafunse kwa anthu a maofesi ooneka. Lachisanu linali lisanafike, ndipo thiransipoti alipira a pakhomopo. Sakina anavomera. Momwe anavomerera, a Avelino anadziwa kuti sakupita chifukwa chowakhulupirira, koma kuti akamve akutsutsidwa pamaso pa anthu.

A Avelino ndi Sakina ananyamuka Lachinayi m'mawa pa minibasi yodzaza matumba a mtedza. Anakhala mipando yosiyana. Potsika zitunda za ku Chowe foni ya Sakina inalira kanayi, iye osayankha, komanso osaizimitsa. Ku Mangochi kunali kutatentha kale. Kupolisi anadikira pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu, bondo la a Avelino likugunda. Wapolisi wamkazi amene anawalandira anamvetsera mpaka pamapeto, nakopera nambala ya bambo uja m'buku. Anati za kugwidwa kwa a Dinadina sanamvepo, ndipo zikanakhala zoona, oberedwa akanaitanidwa poyera kudzaonekera okha ndi ziphaso, osalipira kanthu. Anatinso sabata yomweyo kwabwera kale anthu awiri a ku Makanjira ndi nkhani yofanana, kungoti iwowo anabwera atatumiza kale. Sakina sanakhutire. Anati apitenso ku banki, ndipo kumeneko kalaliki wa pa kauntala anawauza zomwezo mwachidule, nawonjeza kuti manambala obwera pa foni asamauze munthu, ngakhale woimbayo atati ndi wa ku banki konko.

Atatuluka, Sakina anakhala pakhonde la sitolo ina, naphimba nkhope ndi mpango. Sanalire mokweza. A Avelino anaima chapatali atagwira chipewa. Anazindikira kuti kwa masiku anayi mayiyu anali ndi njinga yamoto mumtima mwake, mwamuna wake ali pakhomo, ndipo tsopano zonsezo zamuchokanso, wozichotsa n'kukhala iwo omwe. Anagula madzi ozizira n'kumuikira pambali. Iye anamwa, kenako onse awiri anakwera minibasi yobwerera ku Chiponde.

Lachisanu linadutsa. Sakina anabweza ndalama ya ku banki mkhonde isanabale kwambiri. A Avelino anayenda ndi njinga kwa onse amene anawalowetsa aja, amene anali akadali pa Chiponde, kukawachenjeza. Ambiri anali ataimbiridwa kale. Anayi anali atatumiza, ndipo kwa iwowo bambo uja za umboni sanazitchulenso. Jeremiya wometa anatumiza ya fayilo, kenako ya sitampu, kenako ya loya, ndipo a Avelino atafika anawauza kuti achoke pa shopu pake, zake zatsala pang'ono kutheka. Patatha mwezi anagulitsa galasi lalikulu ndi mpando umodzi.

Sakina sanathokoze, ndipo iwo sanayembekezere kuthokozedwa. Chinasintha n'chakuti masiku ano akamupatsa moni pa siteji, amayankha.

Mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, a Avelino ali kumunda kuunga mizere, pa foni panalowa uthenga wa mawu kuchokera ku nambala yakunja yosadziwika. Chala chawo chinali chitapita kale pofufutira. Anaima ataona kachithunzi: munthu wovala jekete lalikulu ndi chipewa chaubweya, wowonda kuposa kale. Anali Bashiru.

Uthengawo unali waufupi. Anapereka salamu, nafunsa za alamu ake a Matilda. Za njinga sanatchule, za ulendo wa ku boma sanatchulenso. Anati kumene akukhala, anzake onse a ku Mangochi alowa china chake chatsopano cha pa foni, ndipo akumuumiriza kuti asatsalire. Linki watumiza.

"Tandionereni, achimwene," anatero pomaliza.

A Avelino anakhala pa mzere, natsegula. Dzina linali lina, mitundu ina, pa chithunzi panali bambo wa tayi atatsamira galimoto. Sanachite kufika pamapeto kuti adziwe. Anajambula yankho, nalifufuta chifukwa linatalika n'kuyamba kusanduka kupepesa. Anajambula lina, nalifufutanso. Kachitatu anangoti asalowe, ndipo awafunse anzakewo ngati pali mmodzi amene akudziwa khomo la ofesi yake. Anawonjeza kuti mvula yayandikira, ndipo denga la kunyumba kwake, mbali ya kumsewu, likufunika malata awiri.

Uthenga unapita, ndipo foni inaonetsa kuti Bashiru waumvera. Yankho silinabwere. A Avelino anadikira pang'ono, kenako anaika foni m'thumba la malaya n'kutola khasu, poti mizere inali itatsala yambiri.